Galimoto Yagwada, Sikudzuka: Mmene Mungafufuzire Vuto la Air Suspension

Galimoto yoyimira pa mpweya ikagwada n'kukana kudzuka, eni ake ambiri amathamangira kukagula kompuresa. Kompuresa ndi yodula, ndipo kawirikawiri siikhala gwero la vutolo. Imafa chifukwa chotopa ndi kupopa mpweya umene ukuthawira penapake, choncho mukamanga yatsopano musanatseke pothawirapo, nayonso siichedwa kupsa. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuyambira pa zinthu zosalira ndalama n'kumapita ku zodula. Musadumphe sitepe chifukwa choti ikuoneka yaing'ono.

Tikunena za galimoto zimene m'malo mwa masipuling'i achitsulo zili ndi matumba a labala odzaza mpweya, amene amakaniko amangoti ma airbag (osati aja a pa chiwongolero otuluka pangozi). Zimene zimaoneka kawirikawiri mu msewu wa M1 kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi Land Rover Discovery 3 ndi 4, Range Rover, Mercedes-Benz za Airmatic monga ML ndi S-Class, Volkswagen Touareg, Audi Q7, komanso ma Toyota Prado ena ndi BMW X5 zina zimene zili ndi ma airbag kumbuyo kokha. Land Cruiser 100 kapena 200 yokhala ndi AHC nayonso imakwera ndi kutsika, koma imeneyo imagwiritsa ntchito mafuta, si mpweya, ndiye malangizo awa sakuikhudza.

Njira imene mpweya umadutsa

Kompuresa ya magetsi imakoka mpweya wa panja kudzera pa kasefa, n'kuupanikiza. Mpweyawo umadutsa mu dryer, kachitini kodzaza timikanda ta silica gel toyamwa chinyezi, kenako umapita ku bokosi la mavalavu, ndipo m'galimoto zambiri umasungidwanso m'thanki. Mavalavu amatsegulira mpweya ku airbag iliyonse kudzera m'timapaipi ta pulasitiki. Pafupi ndi matayala pali masensa okhala ndi kamkono kolumikizidwa ku mkono wa suspension, ndipo ndiwo amauza kompyuta kuti mbali iyi yatsika kapena yakwera. Kompyuta ikakayikira chilichonse, imasiya kulamula kompuresa, ndipo nthawi zina imatsitsa dala galimoto yonse. Choncho galimoto yogwada ikhoza kukhala yopanda chibowo ngakhale chimodzi.

Konzani zida izi: tepi yoyezera, multimeter, botolo lopopera madzi, sopo wamadzi wotsukira mbale, tochi, jeke wamphamvu, ma stand achitsulo osachepera awiri, masipanala aang'ono a 10 mm ndi 12 mm, mpeni wakuthwa kapena lezala latsopano, cholembera ndi pepala.

Za ma stand zija n'zosakambirana. Galimoto imeneyi imatha kutsika yokha injini ili chozima, chifukwa kompyuta imadzuka payokha nthawi ndi nthawi n'kutulutsa mpweya kuti mbali zonse zifanane. Paipi ikasololoka, galimoto yolemera matani oposa 2 imagwa nthawi yomweyo. Musalowetse mutu, mkono kapena mwendo pakati pa tayala ndi bodi, kapena kunsi, musanaike ma stand pansi pa chasisi. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke yekha sakwanira. Musanakweze galimoto ndi jeke, zimitsani suspension: Prado ili ndi batani lozimitsira, Touareg ili ndi njira yake yoikhomera, ndipo pa zina mumangozula fyuzi.

Yambani ndi zimene zimaletsa galimoto yabwinobwino kudzuka

Imikani galimoto pamalo osalala. Tsekani zitseko zonse mwamphamvu, kuphatikizapo cha kumbuyo ndi boneti, chifukwa galimoto zambiri sizisintha msinkhu chitseko chili chotsegula. Yang'anani pa dashibodi: ngati ikuonetsa kuti chitseko china n'chotsegula pomwe mwatseka, switch ya m'loko ya chitsekocho yafa, ndipo vuto lanu likhoza kukhala lomwelo basi. Lizani injini, musangotembenuza kiyi. Onani ngati batani la msinkhu silinasiyidwe pa malo otsikitsitsa okwerera anthu kapena pozimitsa.

Tsitsani katundu. Matumba a kachewere a pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off akadzaza m'buti mpaka kudenga, ma airbag akumbuyo amafuna mphamvu yoposa imene kompuresa yokalamba ingapereke, ndipo kompyuta imangosiya.

Ngati mwakhala mukukweza ndi kutsitsa galimoto kangapo motsatizana, kompuresa yatentha ndipo yazimitsidwa dala kuti isapse. Isiyeni mphindi 20 kapena 30, muyesenso.

Kenako yesani batire. Injini itazima kwa maola angapo, batire labwino limaonetsa 12.4 V mpaka 12.6 V. Likatsika pansi pa 12.2 V ndi lofooka. Injini ikulira, muyenera kuona pakati pa 13.5 V ndi 14.7 V, ndipo ngati sizikufika pamenepo, alternator siikutchaja bwino. Kompuresa imakoka magetsi ambiri, 20 A mpaka 30 A ikamapanikiza, ndiye batire lotopa m'mawa wozizira wa June kapena July limapangitsa kompyuta kulemba zolakwika zabodza n'kutseka suspension yonse. Tsukaninso mitu ya batire ngati yachita zoyera, ndi kuimanga zolimba.

Yezani, lembani

Yezani kuchokera pakati penipeni pa wilo kukafika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi. Musayeze kuchokera pansi, chifukwa tayala lophwa pang'ono lingakunamizeni. Pa Discovery 3 ndi 4, msinkhu woyendera ndi pafupifupi 466 mm kutsogolo ndi 485 mm kumbuyo. Pa galimoto zina funani muyezo m'buku lake, kapena fanizirani kumanzere ndi kumanja.

Mmene galimoto yakhalira imanena zambiri. Kona imodzi ikatsika, ganizirani airbag ya pomwepo, paipi yake, valavu yake kapena sensa yake. Kumbuyo kukamadzuka koma kutsogolo n'kumakanika, nthawi zambiri kompuresa yafooka, chifukwa kutsogolo kuli injini ndipo kumafuna mphamvu yochuluka. Galimoto imene imagwada usiku koma n'kudzuka injini ikalira ili ndi pothawira mpweya ndipo kompuresa yake ikadali ndi moyo. Imeneyi ndiyo nthawi yotchipa kwambiri yokonzetsa, ngakhale ndi nthawi yomwe ambiri amati "bola ikudzuka" n'kumayendabe miyezi. Makona onse anayi akakhala pansi, musafulumire kuweruza, chifukwa chibowo cha pa kona imodzi chimatha kugwetsa galimoto yonse: kompyuta imatsitsa makona atatu enawo kuti alondole yotsikayo, n'kubwereza usiku wonse mpaka mpweya kutheratu.

Mvetserani kompuresa

Pa Discovery 3 ndi Range Rover Sport yoyamba, kompuresa ili kunsi kumanzere, patsogolo pa tayala lakumbuyo, m'chikuto cha pulasitiki. Pa Range Rover L322 ili m'buti pamalo a tayala la sipeya. Pa Mercedes-Benz zambiri ili kutsogolo kuseri kwa bampala, pafupi ndi tayala. Pa Prado ili kunsi cha kumbuyo. Wina alize injini n'kudina batani lokwezera, inu mutaima pafupi.

Pali zinthu zitatu zimene mungamve. Ikakhala chete, pitani ku magetsi. Ikalira masekondi ochepa n'kusiya, kompyuta yaona chinachake cholakwika, kaya mphamvu ya mpweya siikukwera kapena sensa ikunena zosamveka. Ikamalira nthawi yaitali galimoto osasuntha, ndiye kuti mpweya ukuthawa kwambiri kapena kompuresayo yatha mphamvu. Phokoso la kugogoda kapena kukhwekhwereza limasonyeza kuti za m'kati zaperepeseka, ngakhale nthawi zina amakhala malabala oikhazikapo amene aduka, kompuresa n'kumagunda chitsulo.

Ngati ili chete: fyuzi, relay, mawaya

Mafyuzi amakhala awiri kapena kuposa: waukulu wa kompuresa, wa 40 A pa Mercedes-Benz zambiri ndi 60 A pa Discovery 3, ndi waung'ono wa kompyuta ya suspension. Musayese ndi maso okha, gwiritsani multimeter. Fyuzi yaikulu siipsa popanda chifukwa. Ikapsanso mutangoisintha, mota ya kompuresa yagwira kapena waya wakhudza chitsulo. Kumangapo waya wa kopa m'malo mwa fyuzi ndiko kumayatsa galimoto moto.

Relay, switch yamagetsi imene kompyuta imayatsira kompuresa, ndi kachipangizo kotchipa kamene kamapha makompuresa ambiri. Timano take ta m'kati timapsa pang'onopang'ono, kenako mwina sitigundananso, kapena timamatirirana kompuresa n'kumalira osapuma mpaka kupsa, ngakhale mutazula kiyi. Izuleni muone miyendo yake ngati yachita yakuda kapena pulasitiki yasungunuka. Pakati pa miyendo yolembedwa 85 ndi 86 multimeter ionetse pafupifupi 60 mpaka 100 ohms. Njira yachangu ndi kusinthanitsa ndi relay ina ya m'bokosi lomwelo, koma ikhale yofanana nambala ndi mphamvu.

Kuti mudziwe ngati mota ili moyo, lumikizani mabowo 30 ndi 87 a pamalo pa relay ndi waya wonenepa kwa masekondi osapitirira 5. Kompuresa ikalira, ndiye kuti mota ndi mawaya ake akuluakulu zili bwino, vuto lili pa relay kapena kompyuta siikulamula. Musapitirize kuiliza motero, chifukwa mavalavu ali otseka ndipo mpweya ulibe kolowera. Ikapanda kulira, pitani pa pulagi ya kompuresa mukayeze ngati 12 V ikufika. Ngati ikufika ndipo waya wa earth uli bwino, mota yafa. Ngati siikufika, londolani waya. Mapulagi a kunsi amalowa madzi ndi matope nthawi ya dzinja n'kuchita zobiriwira m'kati, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga imadyedwa mawaya ndi makoswe.

Kusaka pothawira mpweya

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo ndi pamene mavuto ambiri amapezeka.

Ngati galimoto ikutha kudzuka ngakhale movutikira, ikwezeni pa msinkhu woyendera, zimitsani injini, zulani fyuzi ya kompyuta ya suspension kuti isadzisinthe yokha usiku. Yezani makona anayi n'kulemba. M'mawa yezaninso musanatsegule chilichonse. Kutsika kwa mamilimita ochepa mofanana mbali zonse si vuto: usiku wa ku Dedza mpweya umafota ndi kuzizira. Kona imene yatsika 10 mm kapena kuposa poyerekeza ndi inzake ndiyo ili ndi mlandu.

Sakanizani sipuni 2 za sopo wamadzi mu theka la lita ya madzi, musakhutchumule kwambiri kuti thovu lisayambire m'botolo. Tsukani kaye matope pa airbag ndi madzi wamba. Kenako poperani madzi a sopo, airbag ili ndi mpweya, ma stand ali pamalo pake.

Malo oyamba ndi pamene labala amapindikira, cha kumunsi, pomwe amagudubuzika pa chitsulo kapena pulasitiki galimoto ikamanjanja. Walitsani tochi pamenepo. Labala wotopa amaoneka timing'alu ting'onoting'ono topingasa, ndipo fumbi la m'misewu ya ku Mayani kapena ku Kasinje likalowa m'mpindimo limamupala tsiku ndi tsiku. Chovuta n'chakuti mng'alu umatsekeka wokha ukakhala m'kati mwa mpindi, n'kutseguka galimoto ikasintha msinkhu. N'chifukwa chake galimoto ina imagona bwinobwino sabata yonse, n'kudzagwada tsiku limene mwaiimika popendekeka. Poperani pa msinkhu woyendera, kenako bwezerani fyuzi ija, kwezani galimoto pamwamba penipeni mupoperenso, kenako pa msinkhu wotsika. Chibowo chachikulu chimatulutsa mathovu akuluakulu nthawi yomweyo ndipo mumamva kuti sii. Chaching'ono chimapanga kamulu ka thovu loyera losalala patapita mphindi 2 kapena 3, ndiye musachoke msanga.

Ma airbag akutsogolo a galimoto zambiri ali m'kati mwa chikuto cha chitsulo kapena labala wina wotchinga fumbi, kotero simungaone labala weniweniyo. Poperani m'munsi mwa chikutocho, ndiponso pamwamba pa strut (shoko ndi airbag zomangidwa pamodzi) m'kati mwa boneti pamene paipi imalowera. Pa Mercedes-Benz zakale za Airmatic, pamwamba pamenepa pamakonda kung'aluka, ndipo mukathira madzi a sopo m'kadzenje ka pamwambapo mumaona akuwira.

Kenako londolani mapaipi onse, molumikizira mwake makamaka. A Land Rover ambiri ndi a 6 mm, a Airmatic ndi a 4 mm. Yang'anani pamene paipi ikukhuza chasisi, pafupi ndi ekizosi pomwe ingasungunuke, ndi pamene wina anawotcherera chitsulo posachedwapa. Poperaninso pa bokosi la mavalavu, pa chivundikiro cha dryer, ndi pa thanki. Galimoto zochokera ku UK, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, zimabwera ndi thanki yodyeka dzimbiri pamalo omangira, ndipo timabowo take timabisala pansi pa dzimbirilo.

Ngati galimoto siikudzuka n'komwe, simungasake chibowo pa airbag yopanda mpweya. Ikwezeni ndi jeke kufika pafupi ndi msinkhu woyendera, ikani ma stand, matayala akugundabe pansi. Masulani paipi ya airbag imene mukuikayikira pa bokosi la mavalavu, mumangepo valavu ya tayala yokhala ndi cholumikizira cha saizi ya paipiyo, mupope ndi kompuresa ya matayala mpaka bodi itangoyamba kunyamuka pa stand. Isiyeni usiku. Ikatsika, vuto lili pa airbag kapena paipi yake. Ikagwira mpweya, ndiye kuti mpweya unkathawira m'valavu. Kuyesa kumeneku kumapulumutsa ndalama zambiri, chifukwa airbag yabwino ndi valavu yotayikira zimagwetsa kona mofanana. Musapope airbag tayala likulendewera m'malere, ingasololoke kapena kuphulika.

Pomasula paipi iliyonse, masulani nati pang'ono kwambiri, mudikire mpweya utuluke wonse musanamalize. Thanki ya Discovery 3 imasunga mpweya wopitirira 15 bar, kuchulukitsa kangapo mphamvu ya m'tayala. Valani magalasi oteteza maso.

Airbag yong'aluka siimatidwa. Chigamba cha tayala, guluu kapena mankhwala othira m'tayala sizigwira pa labala amene amapindika nthawi zonse, ndipo mankhwalawo akalowa m'mapaipi amakatseka mavalavu. Sinthani awiri nthawi imodzi, kumanzere ndi kumanja, chifukwa anabadwa limodzi ndipo winayo ali m'njira. Discovery 3 inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2009, choncho ngati ma airbag ake sanasinthidwepo, apitirira kale zaka 15. Pa chifukwa chomwechi, airbag ya kaunjika yochotsedwa pa galimoto ya zaka zomwezo ndi kungogula vuto la mwini wake wakale. Paipi yobooka ndiyo imakonzeka: dulani malo owonongekawo ndi lezala, modula mowongoka bwino, osati ndi pulayala chifukwa imaphwatalala, kenako lumikizani ndi cholumikizira chokankha chopangidwira mpweya wamphamvu. Kankhani paipi mpaka itagunda, muikoke pang'ono kuti muone ngati yagwira, mupoperepo sopo.

Kompuresa yolira koma yopanda mphamvu

Ngati chibowo simunachipeze, kapena mwachitseka koma galimoto ikuzengerezabe, yesani kompuresayo. Mangani geji yofika 20 bar potulukira mpweya pake, muilize masekondi ochepa. Yabwino imadutsa 10 bar mofulumira. Yotopa imakwawa n'kuima cha pa 5 kapena 6 bar, mphamvu yosakwanira kunyamula kutsogolo kwa galimoto yolemera. Musayese potseka ndi chala, mpweya wopanikizika umatha kulowa m'khungu.

Dziwaninso kuti tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja ya mchere. Kompuresa imakoka mpweya wochepa pa kupopa kulikonse, ndiye imatenga nthawi yotalikirapo. Yabwino siivutika nazo. Koma imene inali kale pamapeto imatha kugwira ntchito ku Salima kapena ku Golomoti, n'kuyamba kuyatsa nyali ya chenjezo mutakwera Khwekhwerere, chifukwa kompyuta imawerenga nthawi imene mphamvu ikutenga kuti ikwere.

Kompuresa yofooka sikuti nthawi zonse ndi yotaya. Yambani ndi kasefa kolowera mpweya ndi paipi yake. Kakatsekeka ndi fumbi la mwezi wa October, kompuresa imabanika. Paipiyo ikang'ambika, imakoka fumbi ndi madzi mwachindunji.

Kenako tsegulani dryer, mosamala chifukwa m'kati muli sipuling'i yokankha chivundikiro. Timikanda tabwino timakhala touma, tolimba, togudubuzika m'manja. Totha ntchito timanyowa, kumatana, kapena kusanduka ufa woyera umene umatseka timasefa ta nsalu ta kumapeto. Zikatero kompuresa imapopa koma mpweya sudutsa, ndipo ufawo ukapitirira umakalowa m'mavalavu. Dryer imadziumitsa yokha ndi mpweya wouma umene umabwerera galimoto ikamatsika. Pakakhala chibowo, mpweya umalowa wambiri koma wobwerera n'kukhala wochepa, ndiye timikanda timakhuta madzi, makamaka kuno kumene nkhungu imagona m'mapiri mpaka dzuwa kukwera. Mukapeza madzi mu dryer, ganizirani kuti mwina pali pothawira mpweya ngakhale simunapaone. Sinthani timikanda ndi timasefa. Yang'ananinso chivundikiro cha pulasitiki, chifukwa pa kompuresa ya Hitachi ya Discovery 3 chimakonda kung'aluka pakati pa mabowo a mapaipi.

Chachitatu ndi ring'i ya pa piston, yopangidwa ndi pulasitiki yoterera yotchedwa PTFE, imene imaperepeseka ndi kutentha. Zilipo zida zokonzera zogulitsidwa pamodzi, ring'i ndi ma O-ring, ndipo zimabwezeretsa mphamvu ngati m'kati mwa silinda mulibe mikwingwirima yozama. Silinda ikakandika, kapena mota ikamanunkha kupsa, kapena piston ikamagwedera pa bearing, gulani kompuresa ina. Pomanga yatsopano sinthaninso relay tsiku lomwelo. Pa Discovery 3, mukachotsa kompuresa ya Hitachi n'kuika ya AMK, pamafunika chomangira china, mapaipi ena ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta, ndiye funsani za zimenezi musanalipire.

Pa kompuresa palinso valavu yotulutsira mpweya panja. Ikakanirira chotsegula, mpweya wonse wopopedwa umatulukira pomwepo, ndipo mumamva ukupuma potulukira pomwe kompuresa ikulira.

Bokosi la mavalavu

Ngati kompuresa ili ndi mphamvu, ma airbag akugwira mpweya, koma kona ina siikulandira kapena ikutsika, tsegulani bokosi la mavalavu pa tebulo loyera. Lembani mapaipi musanawazule, kapena jambulani ndi foni, popeza kusinthanitsa kumanzere ndi kumanja kumapendeketsa galimoto moipa kuposa poyamba. Pukutani ufa woyera, sinthani ma O-ring, muwapake silicone grease pang'ono chabe. Girisi wamba ndi oilo wa injini zimatupitsa labala. Yezani coil ya valavu iliyonse ndi multimeter n'kufanizira ndi zinzake: imene ikusiyana kwambiri kapena yosaonetsa kanthu yafa.

Masensa

Suzumirani kuseri kwa tayala lililonse. Kamkono ka sensa n'kopyapyala, ndipo kamathyoka ndi mwala, chitsa kapena matope ouma. Kamathanso kutembenukira mbali yolakwika galimoto itakwezedwa pa jeke matayala n'kulendewera, monga posintha mabuleki kapena ma bush. Ngati vuto layamba galimoto itangochoka pa galaja, yambirani pamenepa. Sensa yotembenuka imauza kompyuta kuti galimoto ili m'mwamba kwambiri, ndipo kompyuta imatulutsa mpweya wonse n'kukana kupopa.

Zulani pulagi muone ngati muli madzi kapena zobiriwira. Masensa ambiri amalandira 5 V n'kubweza pakati pa 0.5 V ndi 4.5 V. Masulani kamkono, mukayendetse pang'onopang'ono mukuyang'ana multimeter: nambala izikwera ndi kutsika mosadumpha. Masensa a galimoto zina satumiza uthenga m'njira imeneyi, ndipo amayesedwa ndi makina okha. Mukasintha sensa, msinkhu uyenera kulembedwanso m'kompyuta ndi makina, galimoto ili pamalo osalala, matayala atapopedwa mofanana.

Kuika pa makina

Timakina totchipa ta OBD, tolumikiza ku kompyuta ya galimoto, timawerenga injini yokha, sitilowa mu suspension. Pamafunika makina odziwa mtundu wa galimotoyo, ndipo ngati pa boma palibe, ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Dedza, ndi wotchipa kuyerekeza ndi kugula zipangizo mongoganizira. Uzani wa makinayo kuti alembe ma code onse asanawafufute, ndipo akuonetseni manambala a masensa anayi, mphamvu ya mpweya ndi kutentha kwa kompuresa injini ikulira. Code imanena chimene kompyuta yaona, osati chipangizo chimene chafa. Pa Land Rover, C1A20 imatanthauza kuti mphamvu ikukwera mochedwa podzaza thanki, ndipo zimenezi zingachokere ku kompuresa, dryer yotsekeka, paipi yobooka kapena thanki yadzimbiri. C1A13 imatanthauza kuti mpweya sukutuluka pamene uyenera kutuluka, ndipo imaloza ku valavu yotulutsira kapena dryer. Pa galimoto zomwezi, vuto la ABS, la sensa ya chiwongolero, ngakhale switch ya mabuleki, limatha kutsitsa suspension yopanda vuto lililonse. Nyali zingapo zikayaka pamodzi, konzani zinazo kaye.

Pomaliza kumanga, musatsitsire galimoto pa ma airbag opanda mpweya, chifukwa labala watsopano amapindika molakwika n'kuwonongeka tsiku loyamba. Tsitsani jeke mpaka matayala agunde pansi bodi ili pafupi ndi msinkhu woyendera, bwezerani fyuzi, tsekani zitseko, lizani injini, mudikire galimoto inyamuke yokha pa jeke. Kenako bwerezani kuyeza kwa usiku kuja.

Ikagwadira panjira

Galimoto ikagwada muli pa Kampepuza kapena pa Bembeke, zimitsani injini, dikirani mphindi 20, yang'anani zitseko, mafyuzi ndi timikono ta masensa, muyesenso. Ngati kompuresa ikungolira osasiya, zulani relay kuti muipulumutse. Galimoto yokhala pa timalabala tomalizira (timene timatchinga zitsulo kuti zisagundane mpweya ukatha) ingathe kuyenda mtunda waufupi pa tara, pa liwiro losapitirira 30 km pa ola, katundu atatsitsidwa, mutatsimikiza kuti matayala sakukhuza bodi ngakhale pokhota. Mabampu a m'matireding'i senta muwadutse ngati mukuyenda wapansi. Mtunda wautali kapena msewu wafumbi umaphwanya mashoko, ma airbag otsalawo ndi zakunsi, ndiye itanani galimoto yonyamula. Amene amayenda kwambiri kumidzi angachite bwino kusunga mavalavu a tayala anayi okhala ndi zolumikizira za saizi ya mapaipi awo, relay ya sipeya ndi kompuresa ya matayala yamphamvu. Ndi zimenezi mungapope kona iliyonse payokha, mukuyeza ndi tepi, fyuzi ya suspension itazulidwa, n'kukafika ku galaja.

Kwa a malole ndi mabasi, mpweya wa ma airbag umachokera ku kompuresa ya mabuleki, ndipo valavu yoteteza siulola kupita ku suspension mpaka mathanki a mabuleki atadzaza kaye. Ngati geji ya pa dashibodi siikukwera, vuto si la ma airbag. Ngati yakwera koma kumbuyo kuli pansi, onani kandodo ka valavu ya msinkhu kolumikizidwa ku axle, chifukwa labala wake amavuka kawirikawiri, ndipo khetsani madzi m'mathanki.

Ena amatopa nazo n'kuchotsa zonse, kuikamo masipuling'i achitsulo. Pa Prado, imene ili ndi ma airbag awiri okha kumbuyo, ntchitoyi ndi yosavuta ndipo kwa galimoto yokhalira misewu ya kumidzi ndi yomveka. Pa Discovery kapena Range Rover mumataya kukwera kwa galimoto podutsa m'mitsinje ndi m'makhwawa, kumbuyo kumafwafwantika mukanyamula katundu kapena kukoka ngolo, ndipo pamafunika kachipangizo kapena pulogalamu youza kompyuta kuti isamachenjeze ndi kuyatsa nyali. Musanasankhe, werengetsani mtengo wa ma airbag awiri atsopano, relay ndi zida zokonzera dryer, muufanizire ndi wa masipuling'i anayi, mashoko ake ndi ntchito ya kompyuta.